Ng'ombe Zinayi za M'foni ndi Denga Langa

Amene wakhala akufalitsa ku Uliwa kuti ine Kampanje malata anga ndidamwera mowa, ngati ali pakati panu pano, aimirire ndimuone nkhope. Palibe? Chabwino. Poti mvula yakutsekerezani pakhonde panga, ndipo maso anu akungothamangira kudengaku, kudabwa kuti nyumba ya njerwa zootcha, ya mawindo a galasi, ya munthu amene adagwira choko zaka makumi atatu, idafoleredwa bwanji ndi udzu, lero mumva zoona zake kuchokera kwa mwini wake. Sendererani kuno achimwene, pamenepo pamadontha. Malata anga sadapite ndi ludzu. Adauluka ndi alendo, alendo a dziko lonse lapansi amene adalowa m'nyumba muno tsiku limodzi kudzera m'foni, ndipo ngati ndikunama, mphenzi ili kunjayi ikudziwa pomwe ndakhala.

Kwathu ndi ku Dowa. Kuno ku Vinthukutu boma lidandibweretsa tsitsi lili lakuda bii, ndipo nditapuma ntchito ndidati ndikatani kumudzi, ana adabadwira kuno, mpunga ndidauzolowera, ngakhale kondowole adasiya kunditsamwa. Ndalama zopumira ntchito ndidagulira malata makumi anayi, ndipo malata amenewo, mukumva, dzuwa likawomba masana asodzi a ku Chilumba ankawongolera mabwato awo poyang'ana denga langa, atambala a mudzi wa kuseri ankalira kawiri poyesa kwachanso, ndipo mayi wina adayanika chinangwa pabwalo langa chidauma asadatembenuke n'komwe. Ndinkawakonda malata aja. Madzulo aliwonse ndinkatuluka kukaima pamsewu kuti ndiwaone ngati mlendo.

Ndiye mwana wanga Limbani, uja amakonza njinga zamoto ku Uliwa, adaona Tiwonge, mwana wa a Mhango a kutsidya kwa dambo, mtima wake n'kukhazikika pomwepo. Kwathu nkhani yotere ndi yaifupi: ankhoswe akumana, nkhuku yaperekedwa, mnyamata akamanga nyumba kwa mkazi, basi. Kuno tidatuma thenga, munthu woyenda pakati pa mabanja awiri, ndipo adabwerako ndi mawu oti malowolo ndi ng'ombe zinayi. Ine ngakhale mchira wa ng'ombe ndidalibe. Limbani adayang'ana pansi, mayi ake adagwira tsaya, ndipo ine pamenepo mtima udandiwawa, chifukwa ndidaona kuti mwana wanga akuchita manyazi ndi bambo ake. Ndidaimirira n'kumuuza thenga kuti abwerere akanene kuti ng'ombe zonse zinayi zidzalowa m'khola la a Mhango tsiku limodzi, mpunga usadathe kukolola, ndipo ndikalephera nkhaniyo ifere pomwepo. Thenga adakweza dzanja. “Asambizgi, pulikani dankha,” adatero, kutanthauza kuti aphunzitsi, yambani mwamvetsera. Ndidamuyankha kuti zaka makumi atatu womvetseredwa ndakhala ine, ndipo adanyamula chipewa chake n'kumapita.

Sabata yomweyo thanki ya mafuta idafera ku Uliwa. Dalaivala wake adali Mtanzania wa ndevu za imvi, ndipo masiku anayi amene ankadikira chitsulo tinkasewera naye bawo pansi pa mtengo wa mango. Chomwe chidandidabwitsa n'chakuti munthu woti galimoto yamufera, mpikisano wa bawo ndikumudya, ankangoti akayang'ana foni n'kumwetulira yekha. Ine chinthu chikandidabwitsa sindigona nacho. Nditamufunsa adagogoda foni ija ndi chala n'kunena kuti, “Mzee, humu muli shamba. Munda wosalima, wosapalira.”

Adandifotokozera motere, ndipo tcherani khutu chifukwa apa ndi pamene ambiri amasochera. Pa intaneti, adati, malo aliwonse ali ndi dzina, lomwe eni ake amati domeni, ndipo dzina limene palibe walitenga ukhoza kuligula kwa chaka ngati mmene timachitira lendi munda wa mpunga. Ukagula sumangapo kanthu. Umangolipereka kwa kampani ina yakunja, iyo n'kupachikapo zikwangwani zotsatsa malonda, ndipo zimenezi amati kupaka dzina, monga mmene thanki yake idapakidwira pambali pa msewu. Tsono munthu wina kwinakwake, pofuna chinthu, amalemba mawu a chinthucho, n'kugwera pamalo pako, ndipo akadina chikwangwani chimodzi, kampani imakuponyera kasenti. Nzeru yonse ili posankha dzina. Usagule dzina lako kapena la agogo ako, palibe amalifuna. Gula mawu amene anthu amawatchula tsiku ndi tsiku akavutika. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndidatero mumtima. Tsiku lonyamuka, injini ikulira kale, adatulutsa mutu pawindo n'kukuwa zinazake za chala, akugwedeza chala chakecho uku ndi uku, koma ine ndidayesa akutsanzika ndipo ndidamubayibitsa.

Mawu ogula sindidawalote. Ndidatenga kope ndi pensulo n'kukakhala pamsika wa Uliwa masiku atatu, kuyambira m'mawa mpaka msika kuphwasuka, kulemba kamzere mawu alionse akatchulidwa, mpaka amayi ogulitsa tomato adayamba kunong'onezana kuti aphunzitsi aja alembedwa ukazitape. Makutu anga masiku amenewo adakula moti ndinkamva munthu akutsatsa malonda ku Chilumba ndili pa Uliwa. Pomaliza mawu anayi adapambana onse: mpunga wonunkhira, usipa wouma, mankhwala a nsikidzi, ndi funso loti mvula ibwera liti. Ndidagula onse anayi ndi kangachepe komwe kadatsala kubanki. Mayina anayi, ng'ombe zinayi. Ndidafika kunyumba n'kuwauza mayi a Limbani kuti khola ladzaza, iwo adangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kupitiriza kupeta.

Tsono imvani zimene zidachitika. Pasadathe sabata foni yanga idayamba kununkhira mpunga, mwakuti ndikadutsa pamsewu ana ankatuluka ndi mbale, ndipo dzina la usipa lidakoka amphaka a midzi itatu omwe ankanditsatira pamzere mpaka m'tchalitchi n'kukhala pabenchi la kumbuyo mwaulemu, dzina la mvula linkanyowetsa thumba la jekete langa ngakhale kunja kuli ng'amba, pomwe la nsikidzi, abale anga, linkandiyabwa pantchafu mpaka ndidayamba kuyenda nayo foniyo pa wilibala, poti idalinso italemera. Mukumva? Inu mukusekayo, simudaone wilibala ili apoyo? Ndi yomweyo.

Koma chimene chidandigwira mtima kwenikweni si ndalama. M'foni muja munkaoneka dziko limene mlendo aliyense wachokera. Tsiku lina ndidaona kuti munthu wa ku Canada wagwera pa mankhwala a nsikidzi. Ndidakhala pansi. Ku Canada, kozizira kuja, nsikidzi zimakhalako bwanji? Ndipo munthu wa kumeneko adadziwa bwanji kulemba mawu amenewa m'Chichewa? Ndidaganiza kuti ndi mwana wa kwathu konkuno, adapita kusukulu, nsikidzi zidabisala m'chikwama, ndipo tsopano akuchita manyazi kufunsa azungu. Wina wa ku Joni ankabwera pa usipa Lachisanu lililonse, osadina kanthu, kungoyang'ana n'kuchoka, ndipo ndidadziwa kuti ameneyo sakufuna kugula, wangosowa kwawo. Ndinkawamvera chisoni anthu amenewa, chifukwa ankafika pakhomo panga atatopa n'kupeza zikwangwani zokhazokha, opanda woti awapatse mpando. Koma masenti ankagwa ngati mmene likudonthera dengali, limodzi, n'kudikira, limodzi. Nditawerengera ndidapeza kuti ng'ombe yoyamba idzakwana Limbani alibe mano.

Mbiri idawafika a Mhango kuti asebele awo, ndiye ine bambo wa mnyamata, akuweta ng'ombe m'foni. Munthu uja si wolusa ayi, koma chidwi chake chimaposa changa. Adabwera okha masana ndi ndodo yawo, atavala chipewa cha mlaza, adati monire, tidalonjerana, kenako adapempha kuti aone ziwetozo. Ndidawapatsa foni. Adaitembenuza, adaiyang'ana kunsi ngati akufuna kudziwa ngati ndi yaikazi, adaiika pakhutu, adainunkhiza.

“Asebele, ng'ombe izi zikurya vichi?” adafunsa.

Ndidati zimadya bandulo. Adafunsa kumene zimagona, ndidati ku America. Adafunsa ngati zimabereka, ngati zimakoka ngolo, ngati ndowe zake zingathiridwe m'munda wa chinangwa, ndiponso ngati iwo atamwalira anthu obwera pamaliro angaphe imodzi n'kudya. Mafunso onsewa sadafunse monyoza, ankafunadi kudziwa, ndipo ena mwa iwo ine ndemwe ndidali ndisadawaganizire. Nditawaonetsa masenti aja adapukusa mutu n'kunena kuti ng'ombe zanga zawonda, ndipo adafunsa chomwe chimazinenepetsa. Ndidati zala za anthu. Adaimirira, adati yewo, n'kundikumbutsa kuti mpunga watsala masabata atatu, ndipo iwo akufunitsitsa kuona mmene ng'ombe za m'foni zimalowera pachipata cha khola.

Atangochoka nzeru idandigwera. Zala za anthu! Nanga ine ndikudikiriranji zala za ku Canada pomwe Vinthukutu yense ali ndi zala? Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kwathu munda ukakukulira umaitana dima, umaphika thobwa, anthu amabwera ndi makasu, ntchito ya mwezi n'kutha tsiku limodzi, ndipo kunonso amachita chimodzimodzi. Ndidawauza mayi a Limbani kuti afulule chindongwa, thobwa la kuno, migolo inayi. Ndidapha mbuzi zanga zonse zitatu, ndidagulitsa njinga ndi wailesi kuti aliyense wobwera ndimugulire bandulo, n'kulengeza kuti Loweruka kwa a Kampanje kuli dima, koma makasu asiye kunyumba, abwere ndi mafoni.

Loweruka limenelo, abale anga, sindidzaliiwala. Adabwera a ku Vinthukutu konkuno, adabwera anyamata a kabaza a ku Uliwa, adabwera asodzi a ku Chilumba manja akununkha nsomba, amayi a kwaya ndi yunifolomu yawo, ndipo amene adalibe foni yaikulu ankabwereka ya mnzake n'kumasinthana ngati khasu. Ndidawandandalika m'mizere pabwalo monga m'munda, mzere wa mpunga, mzere wa usipa, mzere wa nsikidzi, mzere wa mvula, mayi wina wa mawu okoma n'kuyambitsa nyimbo yolimira, ndipo nyimbo ikafika pogwetsa khasu, zala zonse zinkagwa pamodzi, di! Nthaka inkagwedezeka. A Mhango nawonso adali pamzere wa mvula, akudina ndi chala chapakati, lilime lili panja. Pofika masana nsanja ya netiweki ija ili paphiri idayamba kutuluka thukuta, kenako idawerama n'kuloza kunyumba kwanga ngati bango pamphepo, zala za anthu zidaphwatalala ngati zipande, mkulu wina mizere ya pachala idafufutika moti mpaka lero akafuna kudinda chikalata amadinda ndi chala cha kuphazi, ndipo masenti m'foni mwanga ankathamanga mwakuti manambala adatopa n'kuyamba kupempha madzi. Mukumva?

Ndiye dziko lidamva. Anthu a ku Canada adauza a ku China, a ku China adauza a ku Joni, kuti ku Vinthukutu kwagwa chinthu, ndipo onse adati tikaone, n'kulowa m'mayina anga anayi nthawi imodzi. Foni ndidali nditaiika pa tebulo m'nyumba muno. Idayamba kufufuma, idadzaza tebulo, idadzaza chipinda, mphepo ya alendo aja idatulukira m'kabowo kotchajira ndi mluzu womwe udamveka mpaka ku Boma, ndipo malata anga onse makumi anayi adanyamuka pamodzi, misomali ili lende, adazungulira mudzi katatu ngati akutsanzika, n'kuwoloka nyanja kukatera ku Tanzania, pa nyumba ya dalaivala uja yomwe idali isadafoleredwe, ndipo adakhala bwinobwino mwakuti sipadafunike mmisiri. Ameneyo ndiye adapindula.

Lolemba m'mawa m'foni mudalowa uthenga wa Chingerezi. Ndidauwerenga katatu, ine mphunzitsi. Kampani ija idati yatseka khola langa ndipo masenti onse yalanda, chifukwa zala zonse zodina zidachokera pamudzi umodzi, tsiku limodzi, ndiponso, chomwe chidawadabwitsa kwambiri, zinkagwa nthawi imodzi ngati pali wina akuimbira nyimbo. Adati chimenecho ndi chinyengo. Chinyengo! Anthu aja dima sadziwa. Kwawo mnansi akakuthandiza ntchito ndiye kuti mwaba. Apo m'pamene ndidakumbukira chala cha dalaivala chikugwedezeka pawindo, ndipo ndidazindikira kuti sankatsanzika, ankandiletsa kudina zikwangwani zanga zomwe.

Limbani sadandinene. Bwenzi zili bwino akadandinena. Adangobwera madzulo, adatsuka manja ake a girisi, adakhala pamwala uwo osadya, ndipo mayi ake atamufunsa adati Tiwonge wamva kale. Mpunga udali utatsala minda iwiri. M'mawa mwake ndidavala jekete, ndidadutsa dambo ndekha wopanda thenga, kukanena ndi pakamwa panga kuti ndalephera, nkhani ife monga ndidalonjezera. Miyendo idalemera kuposa foni ija.

A Mhango adandimvetsera mpaka kumapeto. Adafunsanso mafunso awiri atatu, ngati ng'ombe zija zafa kapena zangolandidwa, ndiponso ngati zikopa zake zilipo. Kenako adafunsa lina.

“Asebele, ndani adakuuzani kuti zinayi zonse tsiku limodzi?”

Ndidati palibe, ndidanena ndekha.

“Ife kuno tikuti malowolo ghakumala yayi. Malowolo satha. Imodzi imatsegula chitseko, zinazo zimabwera ana akukula, kuti mabanja aziyenderana. Munthu wopereka zonse tsiku limodzi timamuopa, ndiye kuti safuna kudzationanso. Thenga wanu ankafuna kukuuzani.”

Safunsa adadya phula, ndipo ine ndidadya ndi chisa chomwe. Mbuzi zitatu, njinga, wailesi, migolo inayi ya chindongwa, mayina anayi, zonsezo pamodzi zikadagula kamsoti ka ng'ombe n'kutsalako. A Mhango adati iwo alibe mangawa, dima lija adasangalala nalo, koma tsiku ndidaliika ndekha, thenga n'kukalinena pamaso pa abale awo, ndipo mawu a mkulu sabwerera chabe. Ng'ombe imodzi, ya miyendo, yopuma, iyenera kulowa m'khola Loweruka lisadadutse. Ndidati yewo. Pobwerera ndidalibe kanthu m'thumba ngakhale m'mutu, ndipo nditakwera kamtunda ka kudamboko ndidaona malata anga akunyezimira padzuwa, ndidaima, n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

Mwati chiyani achimwene? Kuti malatawo ndati adali atauluka kale Loweruka? Inu mudabwera kudzabisala mvula kapena kudzaweruza mlandu?

Chabwino. Poti mwandigwira mwendo, imvani. Ku Tanzania sadafike. Ndidakwera ndekha Lachitatu m'mawa ndi hamala, munthu wa zaka zanga, n'kuzula misomali umodziumodzi, mayi a Limbani akulandirira pansi, ndipo lata lililonse likamatsika ndinkamva ngati akundizula dzino. Limbani adathamanga kuchokera ku Uliwa kudzandiletsa, ndidamuuza kuti agwire makwerero kapena abwerere ku njinga zake. Adagwira makwerero, nkhope atayang'ana kumbali. Mkulu wina wa ng'ombe zambiri yemwe ankamanga nyumba adatenga malata onse makumi anayi n'kundipatsa msoti umodzi wofiira, wa banga loyera pamphumi. Loweruka ndidauyendetsa ndekha kudutsa dambo, thenga ali patsogolo, ndipo a Mhango adauyang'ana mano, adauyang'ana kunsi monga adachitira ndi foni, n'kutsegula chipata.

Mayina atatu ndidawasiya adafa chaka chitatha. La usipa ndimalipirabe, lopanda chikwangwani chilichonse, ndidangolembapo moni, chifukwa munthu wa ku Joni uja amabwerabe Lachisanu ndipo sindifuna adzapeze potseka.

Tsono mukapita ku Uliwa mukawauze. Malata a Kampanje adauluka ndithu, ine ndidawaona ndi maso angawa, kungoti adauluka chapansipansi, ndi miyendo inayi, ndipo chaka chatha adabereka mwana wamphongo. Amene akutsutsa akafunse kukhola kwa a Mhango. Inu muli kufupi ndi chitseko, tandipatsirani beseni ilo msanga, pamene Tiwonge wagoneka mdzukulu wangapo payamba kudontha.